Chiyankhulo ndi Apilo pa Milandu Yophana M'banja: Chitsanzo cha Achewa a ku Katete

Mawu oyamba

Munthu amene bwalo la milandu lamupeza wolakwa pa mlandu wopha mkazi wake kapena mwamuna wake ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo lapamwamba. Kudandaula kumeneku ndiko timati apilo. Kwa munthu wokulira m'midzi ya ku Katete, Sinda kapena Vubwi n'kwapafupi kuganiza kuti apilo ndi kuzenganso mlandu kuyambira pachiyambi, monga zikhalira nkhani ikachoka kwa nyakwawa kupita kwa mfumu yaikulu, kumene aliyense amayalanso mbali yake ndi pakamwa pake. M'mabwalo a boma sizitero. Oweruza a apilo kawirikawiri saitana mboni ndipo samva liwu la woimbidwa mlandu akufotokoza zimene zinachitika. Iwo amawerenga kaundula wa mlandu, ndiye kuti zonse zimene woweruza woyamba analemba, ndipo kaundulayo ali m'Chingerezi.

M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti mafunso amene amagamula apilo yotere, makamaka funso loti wopha anachita kuputidwa kapena ayi, ndi mafunso a chiyankhulo ndi chikhalidwe, ndipo kuti mayankho ake amakhala atakhazikika kale pa mphindi imene womasulira anatembenuza mawu a Chichewa kuwaika m'Chingerezi. Milandu yambiri imene titchule ndi yochokera m'mabuku a zigamulo za mabwalo a Zambia. Zigamulo zake zimamanga munthu wa ku Katete monga zimangira wina aliyense m'dzikoli. Ziganizo za Chichewa zimene tipereke ndi zitsanzo zathu zofotokozera.

Ulendo wa mlandu

Imfa ikachitika pamudzi, woyamba kumva amakhala nyakwawa, kenaka apolisi. Woganiziridwa amaonekera kwa majisitireti ku Katete, koma majisitireti alibe mphamvu yozenga mlandu wakupha. Iye amangoupereka ku Bwalo Lalikulu, limene limakhala ku Chipata, mtunda wa pafupifupi makilomita 90. Kumeneko jaji mmodzi amamva mboni, n'kugamula yekha. Chisanafike chaka cha 2016 apilo inkachoka apa kulunjika ku Bwalo la Suprimu. Malamulo oyendetsera dziko atasinthidwa m'chakacho, anakhazikitsa Bwalo la Apilo pakati pa mabwalo awiriwa, ndipo tsopano munthu amafika ku Suprimu pokhapokha atapatsidwa chilolezo.

Chilango nachonso chasintha. Kufikira mu 1990 pafupifupi aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wopha mwadala ankagamulidwa kunyongedwa, popanda jaji kuchitira mwina. M'chaka chimenecho nyumba ya malamulo inalola kuti pakakhala zifukwa zopeputsa mlandu, jaji apereke chilango china. Omaliza kunyongedwa m'Zambia anali anthu 8 amene anaphedwa ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe mu Januwale 1997. Pa 23 Disembala 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasainira lamulo lochotsa chilango cha imfa m'buku la malamulo a upandu, Penal Code, ndipo mu Febuluwale 2023 akaidi 390 amene ankadikira chingwe anawasinthira chilango kukhala ndende ya moyo wonse. Lero nkhani ya apilo si ya chingwe, komabe kusiyana kwa ndende ya moyo wonse ndi ndende ya zaka zowerengeka si kwapang'ono kwa munthu amene wasiya ana kumudzi, ana amene kholo lawo linalo lili kumanda.

Wochita apilo ali ndi makomo atatu. Angathe kunena kuti umboni sunakwane ndipo amasulidwe. Angathe kuvomera kuti anapha koma n'kupempha kuti mlandu utsike kukhala wocheperapo, umene Chingerezi chimautcha manslaughter. Kapena angathe kuvomera mlandu wonse n'kupempha kuti chilango chipepuke. Pa milandu ya m'banja khomo loyamba limakhala lopapatiza, popeza nthawi zambiri wopha amadziwika. Mkangano waukulu umakhala pa makomo awiri enawo.

Pali mfundo imodzi imene owerenga ayenera kuisunga. Mabwalo a apilo m'Zambia, monga m'maiko ena otsata malamulo a ku England, safulumira kusintha zimene jaji woyamba anapeza kuti ndizo zinachitika. Amati iye ndiye anaona mboni ndi maso, anaona kunjenjemera kwake ndi kudodoma kwake. Amasintha pokhapokha ngati zimene anapezazo zilibe umboni wozichirikiza kapena ngati jajiyo sanamvetse umboni. Koma kodi oweruza a apilo angadziwe bwanji kuti umboni sunamveke, pamene mawu enieni a mboni sanalembedwe paliponse?

Zimene lamulo limafunsa

Penal Code inayamba kugwira ntchito mu 1931, dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia. Gawo 200 limanena za kupha mwadala. Gawo 204 limafotokoza kuti "dala" wa lamulo ndi wotakata kuposa wa pamudzi: sikuti munthu achite kufuna imfa ayi, n'kokwanira kuti anafuna kuvulaza kwambiri, kapena ankadziwa kuti chimene akuchitacho chingathe kupha kapena kuvulaza kwambiri. Choncho mwamuna amene auza bwalo kuti sanafune kupha mkazi wake, anangofuna kumulanga ndi mpini wa khasu, amakhala atadzimanga yekha asakudziwa.

Magawo 205 ndi 206 ndiwo amanena za kuputidwa. Mwachidule, mlandu umatsika ngati wopha anachita zimenezo mtima uli wotentha chifukwa choputidwa mwadzidzidzi, isanapezeke nthawi yoti mtimawo uzizire, ndiponso ngati chimene anachitacho chikulingana ndi kukula kwa chiputocho. Chiputo chiyenera kukhala chochita cholakwika kapena chipongwe chimene chingachititse munthu wamba kulephera kudzigwira. Lamulo likuonjezera kuti munthu wambayo ndi wa pakati pa anthu amene woimbidwa mlandu akuchokera. Pa mlandu wa Liyumbi mu 1978, Bwalo la Suprimu linati zinthu zitatu ziyenera kupezeka pamodzi: chiputo chenichenicho, kulephera kudzigwira, ndi kubwezera kolingana.

Milandu iwiri ikuonetsa mmene muyeso umenewu wagwirira ntchito m'banja. Pa mlandu wa Kalinda mu 1966, Bwalo la Apilo la nthawi imeneyo linati mkazi akaulula kwa mwamuna wake kuti wachita chigololo, kuululako kungatengedwe ngati kumupezerera, ndipo ndi chiputo chachikulu. Apa Zambia inasiyana ndi England, kumene pa mlandu wa Holmes mu 1946 oweruza anati kuulula kokha sikokwanira. Patapita zaka 20 kuchokera pa Kalinda, mu 1986, Bwalo la Suprimu linamva apilo ya Mwiimbe, mayi amene anathira mwamuna wake mafuta ophikira otentha, mwamunayo n'kumwalira ndi mabala a moto. Mayiyu anafotokoza za nkhanza zimene ankakumana nazo m'banjamo. Bwalo linati kuputidwa kounjikana kwa nthawi yaitali, popanda chiputo cha nthawi yomweyo, sikungakwaniritse zinthu zitatu zija, ndipo apilo inakanidwa. Popeza chinali chisanafike chaka cha 1990, khomo la zifukwa zopeputsa kunalibe.

Khomolo litatseguka, Bwalo la Suprimu linalikulitsa. Pa mlandu wa Simusokwe mu 2002 linati ngakhale kuputidwa kutalephera kutsitsa mlandu, kungakhalebe chifukwa chopeputsira chilango. Linatinso mwamuna ndi mkazi okhala pa ubwenzi wokhazikika atengedwe ngati okwatirana pa nkhani imeneyi. M'chaka chomwecho, pa mlandu wa Chanda, linatchula kuledzera ndi nkhani za ufiti ngati zina mwa zimene zingapeputse chilango.

Mawu pakamwa pa womasulira

Malamulo oyendetsera dziko amapatsa woimbidwa mlandu ufulu wokhala ndi womasulira mwaulere ngati samva chiyankhulo cha bwalo. Ufulu umenewu umasungidwa, ndipo sitikunyoza omasulira, amene ntchito yawo ndi yolemetsa: amatembenuza chiganizo chilichonse nthawi yomweyo, uku ndi uku, tsiku lonse, popanda mpata wofunsa buku. Vuto lili m'ziyankhulo zenizenizo, zimene sizigawa dziko mofanana.

Tiyambe ndi nthawi ya mneni, popeza apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. Taonani ziganizo izi:

(1a) Ámandiménya.
(1b) Amandímenya.

Pa pepala, popanda zizindikiro zimene taikazo, ziganizo ziwirizi ndi chimodzi. Pakamwa n'zosiyana. Mu (1a) liwu limakwera pa phatikizo loyamba ndi pa lotsatana ndi lomaliza, ndipo tanthauzo ndi lakuti kumenyako ndi khalidwe la masiku onse. Mu (1b) liwu limakwera pa phatikizo lotsatira -ma-, ndipo tanthauzo ndi lakuti kumenyako kunali kuchitika pa nthawi imene ikukambidwayo. Tikaika izi pambali pa chigamulo cha Mwiimbe, tiona kuti (1a) ndi kuputidwa kounjikana kumene lamulo limakukana, pamene (1b) ndi chiputo cha nthawi yomweyo, mwinanso kudziteteza kumene kungamasule munthu. Mayi wolankhula chapansipansi, ataweramitsa mutu monga mwa ulemu wa kwathu pamaso pa akuluakulu, angathe kunena (1b) womasulira n'kumva (1a). Ngakhale wapolisi atalemba mawu a mayiyo m'Chinyanja, kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho kusiyanaku kumafera pa cholembera. Olankhula ambiri a kuno amakonda kunena kuti "anali kundimenya", koma chiganizo chimenechinso chili ndi nkhope ziwiri: chingathe kunena za usiku umenewo kapena za zaka zonse za banjalo. Chimafuna funso lotsatira, ndipo funsolo likapanda kufunsidwa ku Chipata silingafunsidwenso ku Lusaka.

Chachiwiri ndi mawu a mkwiyo. Chichewa chili ndi makwerero ake. "Ndinakhumudwa" ndi pansi. "Ndinakwiya" ndi pakati. "Ndinapsa mtima" ndi pamwamba, ndipo fanizo lake la moto likufanana kwambiri ndi la lamulo. Palinso mawu onena kuti nzeru zinachoka: "mutu unaima", "m'maso munachita mdima", "sindinadziwe chimene ndinali kuchita". Kumbali ina kuli mawu a mkwiyo wosungidwa: "ndinali naye chakukhosi", "ndinamusungira mangawa", "mtima unkandiwawa". Gulu loyamba likuloza ku kulephera kudzigwira. Gulu lomalizali likuloza ku chiwembu, chimene ndi mdani wa apilo. Onsewa akalowa m'kaundula ngati angry kapena annoyed, oweruza a apilo amaona munthu amene anangonyansidwa, n'kudabwa kuti kunyansidwa kungafikitse bwanji munthu pa nkhwangwa. Tionjezere kuti mneni "kukalipa" m'Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka amatanthauza kukwiya, pamene kwa Mchewa wa kumudzi amanena makamaka za kudzudzula mokweza mawu. Womasulira wokulira m'tauni ndi mboni ya kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe angathe kugwiritsa ntchito liwu limodzi akunena zinthu ziwiri. Ku Sinda, kumene Chichewa chimakumana ndi Chinsenga, ndi ku Vubwi, kumene anthu amayenderana ndi abale a ku Malawi ndi ku Mozambique, mpata wa kusamvana kotere ndi wokulirapo.

Chachitatu ndi kutalika kwa nthawi. Lamulo limafunsa ngati panali mpata woti mtima uzizire, ndipo loya wa boma amafuna mphindi. Mboni ya kumudzi imayeza nthawi ndi dzuwa, nkhuku ndi ntchito: "dzuwa litapendeka", "nkhuku zitalowa", "titatha kudya nsima", "tambala woyamba atalira". "Pomwepo" ndi "nthawi yomweyo" n'zomveka. Koma "kenaka" sanena kuti panapita nthawi yotani, ndipo "patapita kanthawi" angakhale mphindi ziwiri kapena theka la usiku. Ka- wochepetsayo nthawi zina ndi ulemu chabe wa kalankhulidwe. Mboni ikaumirizidwa kutchula nambala, imatchula yoti ikondweretse wofunsa, ndipo nambalayo ikalembedwa imaoneka yolimba ngati yochokera pa wotchi.

Chachinayi, chimene ife tikuchiona ngati chonyalanyazidwa koposa, ndi "iwe" ndi "inu". Taonani:

(2a) Inu bambo a Tisa, tulukani m'nyumba muno.
(2b) Iwe, tuluka m'nyumba mwanga muno.

Mkazi wa Chichewa woleredwa mwa mwambo satchula mwamuna wake dzina pagulu, ndipo samuti "iwe". Amati "inu", "bambo a uje", "abambo akunyumba". Kusintha kuchoka pa (2a) kupita pa (2b) pamaso pa anthu ndi mbama ya mawu, ndipo aliyense womva Chichewa amadziwa kuti pamenepo ulemu wa banja wagwa. Chingerezi chili ndi you mmodzi yekha. M'kaundula ziganizo ziwirizi zimatuluka pafupifupi zofanana: mkazi anauza mwamuna kuti atuluke. Sitikunena kuti "iwe" ndi chifukwa chophera munthu, kutalitali. Tikunena kuti lamulo lenilenilo ndilo limalamula bwalo kuyeza kukula kwa chipongwe, ndipo bwalo silingayeze chimene silinachione. Chimodzimodzi ndi kutukwana. Mboni yaulemu siingabwereze pamaso pa jaji mawu otchula ziwalo zobisika za makolo a munthu. Imangoti "anamutukwana", womasulira n'kuti insulted, ndipo chitonzo choti munthu sabereka chimafanana ndi kunenedwa kuti ndi waulesi.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene timapweteka. Funso lokana, monga "Sunatenge mpeni?", Mchewa amaliyankha "ee" pofuna kuvomereza kuti sanatenge, yes wa Chingerezi amatembenuza yankholo. "Ndalakwa", mawu amene munthu amanena pa bwalo la nyakwawa pofuna kuziziritsa anthu okwiya, si ofanana ndi kuvomera mfundo zonse za gawo 200. Izi n'zofunika chifukwa pa mlandu wa Abel Banda mu 1986 Bwalo la Suprimu linagamula kuti nyakwawa siili m'gulu la anthu amene ayenera kuchenjeza woganiziridwa asanamufunse mafunso, popeza kufufuza milandu si ntchito yake ya masiku onse. Motero zimene munthu ananena kwa nyakwawa usiku wa maliro zingathe kulowa m'bwalo kudzera pakamwa pa nyakwawayo patapita miyezi, kenaka pakamwa pa womasulira. Mawu otere amakhala atadutsa m'manja awiri asanafike pa pepala.

Ngakhale dzina la mlandu wocheperawo ndi lovuta. Ambiri timati "kupha mwangozi". Koma munthu amene watema mkazi wake atamupezerera sanachite ngozi, anafuna kutema. Woimbidwa mlandu akafunsidwa ngati akuvomera kupha mwangozi, angathe kukana chifukwa akudziwa kuti sinali ngozi, kapena kuvomera akuganiza kuti ngozi ilibe chilango, pamene lamulo limalola ngakhale ndende ya moyo wonse pa mlandu umenewu. "Kupha mosakonzekera" kuli bwinoko, ngakhale nakonso sikukwanira.

Munthu wamba wa ku Katete ndi ndani?

Tabwera tsopano pa funso limene lili pansi pa zonsezi. Lamulo likuti muyeso ndi munthu wamba wa pakati pa anthu a woimbidwa mlandu. Chigamulo cha Kalinda chinaima pa ganizo lakuti kwa mwamuna wa kuno, kumva za chigololo cha mkazi wake ndi moto wosapiririka. Tiyenera kufunsa ngati chithunzi chimenechi chikugwirizana ndi chikhalidwe cha Achewa a kwa Kalonga Gawa Undi, amene likulu lawo lili ku Mkaika m'boma la Katete.

Mbali ina chikugwirizana. Pa Chichewa chigololo si nkhani ya nsanje yokha. Ndi nkhani ya moyo. Chikhulupiriro cha mdulo chimati munthu amene wayenda njira zachibwana, akathira mchere m'ndiwo kapena akakhudza mwana wakhanda, amadula a m'nyumba mwake, iwo n'kuyamba kutupa, kutsokomola ndi kuonda. Mwamuna amene achita chigololo mkazi wake ali ndi pakati amanenedwa kuti waika moyo wa mayi ndi mwana pachiswe. Choncho wina akanena m'bwalo kuti "amafuna kundipha" kapena "anandiphera mwana", mwina sakunena za mpeni kapena mankhwala, akunena za mdulo. Womasulira akapereka chiganizocho chili chokhachokha, jaji amafuna umboni wa chiwembu, saupeza, n'kuganiza kuti munthuyo ndi wabodza. Ndipo mboni ikaoneka yabodza pa chimodzi, zonse zimene yanena zimapepuka.

Koma mbali ina chithunzicho n'chopotoka. Mwambo wa Achewa sunapereke kwa mwamuna mphamvu ya moyo ndi imfa pa mkazi wake. M'banja la chikamwini mwamuna ndiye mlendo. Amamanga nyumba pamudzi pa mkazi, amalima munda wa akuchikazi, ndipo ana ndi a mbumba ya mkazi, oyang'aniridwa ndi malume awo. Akale anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Banja likavuta pali ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amene ntchito yawo ndi kumva madandaulo otere. Ankhoswe akalephera pali nyakwawa, ndipo kuyambira mu 1966 pali mabwalo aang'ono a boma oweruza monga mwa miyambo, kumene milandu ya chigololo imathera pa kulipira ndipo maukwati amathetsedwa. M. G. Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa a chigawo chino m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 n'kutulutsa buku lake mu 1965, anaonetsa kuti mikangano yoopsa kwambiri, imene inkafika ponenerana ufiti, inali makamaka pakati pa abale a mbumba imodzi, amene sangasiyane mosavuta. Mkamwini anali ndi njira yotulukira: kunyamula nkhwangwa yake ndi kubwerera kwawo. Ngati munthu wamba wa Chichewa ndi amene amadziwa njira ya kwa ankhoswe, ndiye kuti wopha mkazi chifukwa cha mawu oulula wapatuka pa mwambo, sanautsate.

N'zoona kuti chikamwini sichili monga kale. Mabanja ambiri tsopano ndi a chitengwa, kumene mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo kukhalirana ndi Angoni a kwa Mpezeni, amene amalowola, kwasintha maganizo a anthu pa za umwini wa ana. Mkazi wa chitengwa, kapena wokhala pa boma kutali ndi alongo ake, alibe mpanda umene agogo ake anali nawo. Apa ndi pamene chigamulo cha Mwiimbe chimaluma. Muyeso wa kupsa mtima mwadzidzidzi umakwanira bwino munthu wamphamvu, amene angabwezere pomwepo ndi manja ake. Wofooka sabwezera pomwepo, chifukwa akatero amenyedwa koposa. Iye amapirira monga anamulangizira anamkungwi, mpaka tsiku limene madzi afika m'khosi. Chichewa chili nawo mawu a mkhalidwe umenewu: "ndinatopa nazo", "zinandikwana", "mtima unadzaza". Mawuwa sanena za chiwembu, sanenanso za moto wa mphindi imodzi. Amanena za mtsuko umene wakhala ukudonthera madzi mpaka kusefukira. Lamulo la magawo 205 ndi 206 lilibe malo ake, ndipo m'kaundula "ndinatopa" angaoneke ngati kutopa kwa thupi kapena ngati umboni woti munthuyo anaganiza kale zochita.

Ku England komwe kunachokera maganizowa, zinthu zinasuntha. Pa apilo ya Kiranjit Ahluwalia mu 1992, mayi wochokera ku Punjab amene anatentha mwamuna wake atazunzidwa zaka zambiri, bwalo linavomera kuti kuchedwa kubwezera pakokha sikutseka khomo la kuputidwa, ngakhale kuti mlandu wake unatsika pa chifukwa china, cha kusokonezeka kwa maganizo. Lamulo la mu 2009 linachotseratu chitetezo chakale cha kuputidwa n'kuikapo china, chimene sichifuna kuti kulephera kudzigwira kukhale kwadzidzidzi, chimene chimavomereza mantha a nkhanza zoopsa, ndipo chimati kusakhulupirika m'banja pakokha kusawerengedwe. Tikayang'ana bwino, dziko limenelo linatembenuza mbali zonse ziwiri zimene Kalinda ndi Mwiimbe zinaima. Ku Zambia lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo limathandiza wozunzidwa kupeza chitetezo zinthu zisanafike poipa, koma mayi amene wapha kale amaweruzidwa ndi Penal Code. Chimene chimamutsalira kawirikawiri ndi khomo lachitatu lija, la zifukwa zopeputsa, ndipo gawo 201 nalonso limauza bwalo kuti liyang'ane khalidwe la munthu wamba wa gulu limene wolakwayo akuchokera. Funso la chikhalidwe silithawika.

Mboni za pamudzi

Chikamwini chimabweretsanso vuto lina pa apilo. Mkamwini akapha mkazi wake, onse amene anamva mkuwo ndi kuthamangira kunyumbako ndi abale a malemu: amayi ake, alongo ake, ana a achemwali ake, ngakhale nyakwawa imene. Pa chitengwa zimatembenuka, mboni zonse n'kukhala za kuchimuna. Mabwalo a Zambia akhala akuchenjeza za mboni zimene zingakhale ndi mbali. Pa apilo ya Kambarage Kaunda, mwana wa pulezidenti woyamba wa dziko lino, imene inathera pa kumasulidwa kwake mu 1992, Bwalo la Suprimu linati abale ndi abwenzi a malemu angathe kukondera, ndipo jaji ayenera kudzichenjeza asanadalire umboni wawo. Zigamulo za pambuyo pake zinafotokoza kuti ubale pawokha suchititsa mboni kukhala yokayikitsa. Payenera kuoneka chifukwa choti inganame. Maloya a apilo amakonda mfundo imeneyi, ndipo pa milandu ya m'midzi ya Achewa imapezeka pafupifupi nthawi zonse. Koma kuti igwire ntchito, kaundula ayenera kuonetsa ubalewo molondola, ndipo apanso Chingerezi chimaphwanya zimene Chichewa chimasiyanitsa. Malume, mwinimbumba amene ali ndi udindo pa malemu ndi ana ake, amalembedwa uncle mofanana ndi bambo aang'ono, amene pa Chichewa ndi bambo ndithu. "Mlongo wanga" angakhale wa bere limodzi kapena mwana wa amayi aakulu. Msuweni, amene mwa mwambo akanatha kukwatira malemuyo, amangolembedwa cousin.

Wochita apilo amene akuganiza kuti mawu ake anapotozedwa ali pa malo ovuta. Pa nthawi ya mlandu sakanatha kutsutsa, popeza samva Chingerezi chimene mawu ake ankasandulika. Loya wake, amene kawirikawiri amachokera ku bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, angakhale Mtonga, Mlozi kapena Mbemba. Pofika pa apilo palibe choyerekeza nacho, chifukwa chimene chinasungidwa ndi kumasulira kokha.

Ife tikuona kuti pali chinthu chimodzi chotheka popanda kusintha lamulo lililonse. Pa milandu imene kuputidwa kapena kudziteteza kwatchulidwa, mawu ochepa amene mlandu wagonapo alembedwe m'kaundula monga momwe anatulukira pakamwa, kumasulira kwake kuli pambali: mawu achipongwe enieniwo ndi "iwe" kapena "inu" wake, mawu amene woimbidwa mlandu anafotokozera mtima wake, mawu a nthawi, ndi dzina la ubale wa mboni iliyonse. Pamene mneni ali ndi -ma- kapena "anali ku-", womasulira apemphe chilolezo cha jaji kuti afunse kuti, "Mukunena za tsiku limenelo kapena za masiku onse?", ndipo funsolo ndi yankho lake zilembedwe. Ntchito ya ife a m'madipatimenti a ziyankhulo ndi kusonkhanitsa mawu oterewa kuchokera kwa olankhula a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, amuna ndi akazi padera, achikulire ndi achinyamata padera, n'kuona pamene matanthauzo awo asiyana ndi a Chinyanja cha m'tauni chimene omasulira ambiri anakulira nacho.